Phunziro la Epidote, Mwala Wobiriwira Umene Ena Amati Umachiritsa

Khalani pansi, ana inu, ndipo mabuku akhale otseka kaye. Lero tiyamba ndi kachibangili aka kamene mnzanu anabwera nako Lolemba. Anamutumizira ndi azakhali ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo wandilola kuti tikagwiritse ntchito pa phunziro lathu. Kayende m'mizere yonse, aliyense akagwire, koma mosamala chifukwa ndi mphatso ya munthu. Yang'anitsitsani mkanda umodziumodzi. Muona mawanga ofiirira ngati m'kati mwa gwafa, muona timadontho totuwa towala ngati galasi, komanso muona mtundu wachitatu, wobiriwira molowera kuchikasu, wofanana ndi mnofu wa peyala pafupi ndi khungu lake. Wobiriwirawo ndiye tikambe lero. Dzina lake ndi epidote.

Kachibangilika kanabwera ndi kapepala kachingerezi. Pakapepalapo alembapo kuti mwalawu umachulukitsa chilichonse chimene munthu ali nacho mumtima, umatsuka chiwindi, umathandiza chithokomiro, umachotsa nkhawa, ndipo umasungunula zotupa za m'thupi. Mnzanuyo anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zimenezi n'zoona?" Wachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Koma ndikangoti eya kapena ayi, mudzakhala mutamva maganizo anga okha, ndipo mawa akabwera wina wa mawu okoma kuposa anga mudzamutsatira. Ndikufuna muudziwe mwalawu, kumene umachokera, amene anautcha dzina ndi chifukwa chake, kuti yankho mulipeze ndi nzeru zanu.

Tiyambe ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zimene m'Chichewa timazitchula ndi liwu limodzi. Tikati mwala, tikhoza kutanthauza wa mafuwa, wa mphero, wa legeni kapena wa pamphete. Akatswiri a miyala amagawa pawiri. Pali miyala ya mtundu umodzi wokhawokha, yoti ngakhale uiphwanye mpaka isanduke fumbi, kachidutswa kalikonse kamakhala ndi zinthu zomwezo, zoyalidwa mwa dongosolo lomwelo. Imeneyi amaitcha maminero. Ndiye pali matanthwe, amene ali msakanizo wa maminero angapo, monga mmene lichero limodzi lingakhalire ndi chimanga, nyemba ndi mtedza. Mikanda imene mukugwirayi ndi ya thanthwe lotchedwa unakite. Mawanga ofiirawo ndi feldspar, otuwawo ndi quartz, obiriwirawo ndi epidote. Dzina loti unakite linachokera ku mapiri a Unaka, kumalire a North Carolina ndi Tennessee m'dziko la America, kumene Frank Bradley analifotokoza thanthweli mu 1874.

M'kati mwa epidote mulibe chachilendo. Muli kashiamu, yemwe uja wa mu laimu ndi m'mafupa athu. Muli aluminiyamu wa masefuliya, muli ayironi amene timangoti chitsulo, muli silikoni ndi okosijeni zimene zimapanga mchenga wa kudambo, ndipo muli haidrojeni pang'ono. Kubiriwirako kumabwera ndi ayironi. Akachuluka, mwala umadera mpaka kuoneka ngati wakuda. Akachepa kwambiri, umatuwa ndipo amaupatsa dzina lina, clinozoisite. Manganizi akalowamo umafiira, n'kutchedwa piemontite. Pali mbale wake wina, allanite, amene nthawi zambiri amakhala ndi thorium, ndipo ameneyu amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso chimene zipangizo zimatha kuyeza. Msuweni wawo wotchuka ali kwa anansi athu ku Tanzania: tanzanite, mwala wabuluu umene unadziwika mu 1967 kumapiri a Merelani pafupi ndi Arusha, ndi mtundu wa zoisite, amene zopangira zake n'zofanana ndi za clinozoisite koma zoyalidwa mosiyana.

Pa sikelo ya kulimba kwa miyala imene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, chikhadabo chanu chili pa 2.5, galasi la pawindo lili cha pa 5.5, quartz ali pa 7, dayamondi pa 10. Epidote amakhala pakati pa 6 ndi 7, kotero amakanda galasi. Ndi wolemeranso m'manja: amaposa madzi a kukula komweko maulendo 3.3 mpaka 3.5, pamene quartz amaposa maulendo 2.65 okha. Akapeza mpata m'mng'alu wa thanthwe amamera makrustalo aataliatali okhala ndi timizere m'mbali, owala ngati apakidwa mafuta. Chimene ine chimandisangalatsa koposa n'chakuti krustalo yoonekera bwino ukaiyang'ana padzuwa n'kumaitembenuza pang'onopang'ono, imasintha mtundu. Mbali ina imaoneka yobiriwira, ina yabulawuni, ina yachikasu. Si matsenga ayi. Kuwala kumadutsa mosiyana malinga ndi njira imene kwalowera m'mizere ya maatomu, ndipo njira iliyonse imameza mitundu yake.

Tsopano mbiri yake, ndipo apa mutchere khutu chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwalawu wakhala m'matanthwe kuyambira kalekale, koma anthu anachedwa kuuzindikira kuti ndi mtundu pawokha. M'zaka za m'ma 1700, akatswiri a ku France ankatola makrustalo obiriwira kumapiri a Alps, kufupi ndi tauni ya Le Bourg-d'Oisans m'chigawo cha Dauphiné, n'kumawaika m'gulu la miyala imene ankaitcha schorl. Gulu limeneli linali ngati thumba loponyamo mwala uliwonse wautali umene sakuudziwa bwino. Wina atauona pena ankaupatsa dzina lake, wina kwina lakenso. Wochokera ku Arendal m'dziko la Norway ankautcha arendalite. Wa ku Dauphiné ena ankati delphinite, ena thallite. Abraham Gottlob Werner, mphunzitsi wotchuka wa pasukulu ya zamigodi ku Freiberg m'dziko la Germany, ankakonda dzina loti pistacite, chifukwa mtundu wake umafanana ndi wa mtedza wa pistachio. Mwala umodzi, mayina ambirimbiri, ndipo aliyense ankaweruza ndi maso, potengera mtundu ndi malo.

Amene anathetsa chisokonezochi ndi wansembe wa Chikatolika wa ku France, René Just Haüy, amene anabadwa mu 1743 m'banja losauka la woomba nsalu. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti tsiku lina anagwetsa mwangozi krustalo ya calcite, ndipo potola zidutswa anaona kuti zonse zasweka motsata ngodya zofanana, chachikulu ndi chaching'ono chomwe. Kuchokera apo anaganiza kuti krustalo iliyonse inamangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono tofanana, tosanjikizana ngati njerwa pakhoma, ndipo kuti maonekedwe akunja amatsata kasanjidwe ka m'katika. Maganizo amenewa anawasindikiza mu 1784. Mu 1792, pa nthawi ya kuukira boma ku France, anaponyedwa m'ndende chifukwa chokana kulumbira lumbiro limene ansembe ankakakamizidwa, ndipo anatulutsidwa mothandizidwa ndi wophunzira wake, Étienne Geoffroy Saint-Hilaire, patangotsala masiku ochepa kuti akaidi ambiri a m'ndende za Paris aphedwe. Akanafa pamenepo, mwalawu mwina bwenzi tikuutchula dzina lina.

Haüy sankakhulupirira mtundu, chifukwa mtundu umanamiza. Iye ankayeza ngodya za makrustalo ndi kachipangizo kokhala ngati pulotilakita yanu ija, kokhala ndi timikono tiwiri togwira mbali za mwala. Atayeza miyala yobiriwira ya ku France ndi ya ku Norway, anapeza kuti ngodya zake n'zofanana, kutanthauza kuti ndi mwala umodzi. Anaonanso kuti tsinde la kabokosi kake lili ndi mbali imodzi yotalikirapo kuposa inzake. Pamenepo anatenga liwu la Chigiriki loti epidosis, lotanthauza kuwonjezera kapena kuwonjezeka, n'kupanga dzina loti epidote, limene analilemba m'buku lake lalikulu la Traité de minéralogie mu 1801. Lembani zimenezi m'makope mwanu: kuwonjezera kumene dzinali likunena ndi kwa utali wa mbali imodzi ya krustalo. Haüy sankanena za chuma, chikondi, mwayi kapena thanzi. Ankanena za mzere umene anauyeza. Munthu yemweyu ndi amene anatcha miyala ina amphibole, kutanthauza wosokoneza, chifukwa inkasokonezedwa ndi ina, ndi pyroxene, kutanthauza mlendo pamoto. Mayina ake ankafotokoza zimene iye waona kapena kuganiza pa ntchito yake.

Mu 1865 kunapezeka malo amene anatchukitsa epidote padziko lonse, phompho lotchedwa Knappenwand m'chigwa cha Untersulzbach, m'chigawo cha Salzburg ku Austria. Kumeneko kunatuluka makrustalo obiriwira moderako, onyezimira, ena aatali kuposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo lero ali m'nyumba zosungiramo zinthu zachilengedwe ku Vienna ndi m'mizinda ina yambiri. Ena okongola amachokera ku chilumba cha Prince of Wales ku Alaska, kumapiri a kumpoto kwa Pakistan, ku Peru, ndi kuchigawo cha Kayes ku Mali. Osula miyala ya pamphete samukonda kwenikweni epidote chifukwa amang'aluka mosavuta motsata mbali imodzi, ndipo nthawi zambiri amakhala wodera kwambiri. N'chifukwa chake si wamtengo wapatali ngati emarodi wa ku Zambia.

Nanga amapangika bwanji? Ena a inu munafikako ku akasupe a madzi otentha ku Chiweta, ku Nkhotakota kapena ku Liwonde. Madzi amenewo ndi a mvula imene inalowa pansi kudzera m'ming'alu, n'kukatenthedwa ndi matanthwe akuya, kenako n'kubwerera kumtunda. Kuya kwambiri, kumene kulemera kwa nthaka kumaletsa madzi kuwira ngakhale atapitirira madigiri 100, madzi otere amadya matanthwe pang'onopang'ono. Amasungunula feldspar wokhala ndi kashiamu ndi miyala yakuda yokhala ndi ayironi, ndipo zosungunukazo zimakumana n'kupanga maminero atsopano. Mmodzi mwa iwo ndi epidote. Mikanda iyi poyamba inali thanthwe la granite. Madzi otentha anadutsamo n'kusandutsa feldspar wina kukhala epidote, n'kusiya wofiirayo ndi quartz. Amapangikanso pamene matanthwe akwiriridwa ndi kufinyidwa pa kubadwa kwa mapiri, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 300 mpaka 500.

Apa ndi pamene mwalawu uli ndi ntchito yeniyeni, ndipo ndikufuna muilemekeze. Ku Iceland amapanga magetsi ndi nthunzi ya pansi pa nthaka. Akamaboola zitsime zawo, akatswiri amayang'ana tizidutswa ta matanthwe totuluka m'dzenjemo, ndipo akayamba kuona epidote amadziwa kuti afika pamene kutentha kunafikapo madigiri pafupifupi 240 kapena kuposa. Ofufuza kopa ku Chile ndi ku Peru akapeza matanthwe obiriwira ndi epidote ndi chlorite, amadziwa kuti mwina ali m'mphepete mwa malo amene madzi otentha anasiya kopa, ndipo amalondola kubiriwirako kulowera pakati. Kumapiri a Troodos pa chilumba cha Cyprus, amene kale anali pansi pa nyanja, kuli matanthwe a epidote ndi quartz okhaokha, osonyeza njira imene madzi otentha a m'nyanja ankadutsa. Mu 1984, E-an Zen ndi Jane Hammarstrom anaonetsa kuti epidote amene wamera m'chiphalaphala chenicheni, chisanaume, ndi chizindikiro chakuti thanthwelo linaumira kuya kwa makilomita pafupifupi 25. Mwala uwu ndi mboni. Umanena kutentha, kuya ndi madzi a nthawi imene kunalibe munthu woona. Ndipo aliyense wokayika akhoza kupita kukayeza yekha n'kupeza zomwezo.

Tibwerere ku kapepala kaja. Kukhulupirira kuti miyala imachiritsa si kwa lero, ndipo si kwa mtundu umodzi wa anthu. Agiriki akale anatcha mwala wina amethyst, kutanthauza wosaledzera, poganiza kuti umateteza ku kuledzera. Pliny wa ku Roma, m'buku lake la zachilengedwe la m'chaka cha 77, analemba zikhulupiriro zambiri zotere, ndipo zina anazitsutsa poyera kuti ndi mabodza a amatsenga. Marbode, bishopu wa ku Rennes, analemba za mphamvu za miyala cha m'ma 1000, ndipo Hildegard wa ku Bingen, mayi wa chipembedzo wa ku Germany, anachitanso chimodzimodzi m'ma 1100. Mwala wa nephrite unatenga dzina lake ku liwu la Chigiriki la impso, chifukwa ankati umachiza impso. Sindikuwanyoza anthu amenewa. Analibe maikulosikopu, sankadziwa za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo munthu amene mwana wake akudwala amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Koma m'mabuku awo onsewo dzina la epidote mulibe, ndipo silikanakhalamo, popeza linabadwa mu 1801. Choncho wina akakuuzani kuti anthu akale ankachiritsa ndi epidote kwa zaka zikwizikwi, mufunseni kuti ankamutcha dzina lanji, nanga ankamusiyanitsa bwanji ndi miyala ina yobiriwira pamene akatswiri enieni ankalephera.

Zonena za pakapepalapa ndi zatsopano. Zinakula ku America ndi ku Ulaya m'ma 1970 ndi m'ma 1980, m'gulu la zikhulupiriro lotchedwa New Age, ndipo zinafalitsidwa ndi mabuku onga The Crystal Bible la Judy Hall la mu 2003, limene linagulidwa kwambiri. Tsopano onani zimene zinachitika ndi dzina lija. Wina anawerenga kuti epidote amatanthauza kuwonjezera, n'kusiya mbali ya krustalo imene Haüy anayeza, n'kunena kuti mwalawu umawonjezera chilichonse chimene uli nacho. Ukakhala ndi chikondi umawonjezera chikondi, ukakhala ndi mkwiyo umawonjezera mkwiyo. Taganizirani bwino chiganizo chimenechi. Ukavala mwalawu zinthu n'kukuyendera, ati mwala wagwira ntchito. Zikakuvuta, ati wagwiranso ntchito, wakulitsa zoipa zimene unali nazo kale mumtima. Palibe chimene chingachitike choti wogulitsa avomere kuti mwala walephera. Ndipo wodwala amene sanachire amasenzetsedwa mlandu woti mtima wake ndi umene unali woipa. Mbali imeneyi imandipweteka, chifukwa munthu wodwala ali kale ndi katundu wokwanira.

Amanenanso kuti epidote ndi mwala wa mtima chifukwa ndi wobiriwira. Izi zimachokera ku chiphunzitso cha ku India cha malo a mphamvu m'thupi otchedwa chakra, liwu la Chisansikiriti lotanthauza gudumu. Koma kugawira malo amenewa mitundu ya utawaleza, kuti wa pamtima ukhale wobiriwira, kunakhazikika kumayiko a azungu m'zaka za m'ma 1900. Ndiye mwala uliwonse wobiriwira unangolembedwa kuti ndi wa mtima. Ndi kuweruza ndi mtundu komwe kuja kumene Haüy anakukana.

Ena amabweretsa mawu a sayansi. Amati wotchi ya pamkono imayenda ndi quartz, ndiye kuti miyala ili ndi mphamvu yonjenjemera. Zoti quartz amatulutsa magetsi pang'ono akafinyidwa n'zoona, ndipo anazipeza ndi Jacques ndi Pierre Curie mu 1880. M'wotchi, kachidutswa ka quartz kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi. Koma kamatero chifukwa batire likukapatsa magetsi. Batire likatha, wotchi imaima ngakhale quartz ali momwemo. Komanso kayalidwe ka maatomu a epidote ndi ka mtundu umene sulola khalidwe limeneli n'komwe.

Njira yodziwira zoona ndi kuyesa. M'zaka za m'ma 1500, mfumu Charles IX ya ku France inali ndi bezoar, kamwala kopezeka m'mimba mwa nyama, kamene ankati kamagonjetsa poizoni aliyense. Dokotala wake, Ambroise Paré, anakayika. Anatenga wophika wina amene anaweruzidwa kuti aphedwe chifukwa cha kuba, n'kumupatsa poizoni kenako bezoar, ndipo munthuyo anafa ndi ululu woopsa patapita maola angapo. Kuyesa kotero n'kwankhanza ndipo lero sikuloledwa. Kuyesa kwabwino kunachitika ku koleji ya Goldsmiths ku London, motsogozedwa ndi Christopher French, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2001. Anthu 80 anapemphedwa kusinkhasinkha kwa mphindi 5 atagwira krustalo. Ena anapatsidwa quartz weniweni, ena galasi wamba lopangidwa mofanana, osauzidwa. Theka la iwo linauzidwiratu zimene angamve, monga kutentha m'manja kapena kunyerenyetsa. Ambiri anamvadi zinthu zimenezi. Koma ogwira galasi anamva mofanana ndi ogwira mwala weniweni, ndipo amene anamva kwambiri ndi amene anauzidwiratu komanso okhulupirira kale. Kumvako kunalipo, anthuwo sankanama, koma gwero lake linali m'maganizo mwawo.

Madokotala amalidziwa khalidwe limeneli, amalitcha placebo. Munthu akayembekezera kupeza bwino, ululu umatha kuchepa, nkhawa imatha kutsika, tulo timabwera. Mnzanuyu akagwira mikanda iyi pa mayeso n'kukumbukira kuti kutali kuli azakhali amene amamuganizira, mtima wake ukhoza kukhala pansi, ndipo zimenezo ndi zenizeni. Onjezani kuti matenda ambiri, monga chimfine ndi mutu, amatha okha, ndipo munthu amathamangira mankhwala pamene zafika poipa, nthawi imene kuchira kunali pafupi kale. Koma placebo sachepetsa chotupa cha khansa, sapha tizilombo ta malungo, satsitsa shuga m'magazi.

Tiyese zonena ziwiri, chimodzi cha pakapepalapa ndi china chimene ena amanena, ndi zimene mwaphunzira kale. Chithokomiro chimatupa kawirikawiri chifukwa chosowa ayodini m'zakudya, n'chifukwa chake mchere wa m'sitolo amauthira ayodini. Mu epidote mulibe ayodini. Ena amati popeza muli ayironi, amawonjezera magazi. Ayironi alimodi, koma ndi womangika zolimba pakati pa silikoni ndi okosijeni, moti mwalawu umatha kugubuduzika mumtsinje zaka zambirimbiri n'kusanduka mchenga usanamasule ayironi wakeyo. Sangadutse pakhungu la mkono. Amayi oyembekezera akapita kusikelo amapatsidwa mapiritsi a ayironi osungunuka m'mimba, oyezedwa mlingo. Zochokera m'nthaka zimene zimachiritsadi zilipo, monga ayodini, ayironi, zinki wopatsa ana otsegula m'mimba, ndi mchere wa m'madzi a ORS. Zonsezi zimalowa m'thupi, ntchito yake imadziwika, mlingo wake umadziwika, ndipo zinayesedwa pa anthu ambiri.

Chonena chimene ndikuchiopa ndi chachisanu chija, cha kusungunula zotupa. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale, motsogozedwa ndi Skyler Johnson, anayerekeza odwala khansa 281 amene anasankha njira zina zokhazokha ndi odwala 560 amene analandira chithandizo cha kuchipatala. Lipoti lawo la mu 2018 linaonetsa kuti chiopsezo cha imfa mwa osankha njira zinawo chinali chokwera maulendo awiri ndi theka. Kafukufukuyo anali wa njira zosiyanasiyana, osati miyala yokha, koma phunziro lake likukhudza nkhani yathu. Chotupa cha m'bere chimene mayi wachimva lero chili chaching'ono chikhoza kuchotsedwa. Akataya miyezi isanu ndi umodzi akuyembekezera mwala, chimakhala chitafalikira. Ambiri a ife tinaikapo m'manda munthu amene anafika kuchipatala mochedwa. Mukamva wachibale akunena kuti ali ndi chotupa, mawu anu oyamba akhale akuti tiyeni kuchipatala.

Pali ngozi zinanso ziwiri. Ogulitsa ena amalangiza kuviika miyala m'madzi n'kumwa. Musachite zimenezo. Mwala wa kumgodi sukhala wokha. Epidote wa ku Knappenwand amamera pamodzi ndi actinolite wa ulusi wonga tsitsi, amene ndi mtundu wa asibesitosi, ndipo kwina amakhala ndi miyala ya kopa, mtovu kapena aseniki. Yachiwiri imagwera anthu amene sitiwaona, amene amapera ndi kuboola mikanda ngati iyi. Unakite ali ndi quartz, ndipo fumbi la quartz likapumidwa kwa nthawi yaitali limaumitsa mapapo. Ndi nthenda ya silicosis, yomwe ija inabwera ndi agogo athu ambiri amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Aliyense wa inu amene adzagwire ntchito yosula miyala azidzapera ndi madzi, ndi chotchinga pamphuno choyenera.

Iwe mwini kachibangili, tenga, kavale. Kuvala kulibe vuto lililonse. Ukawalembera azakhali uwathokoze ndi mtima wonse, ndipo uwauze kuti mikandayi ndi granite amene anaphikidwa ndi madzi otentha pansi pa nthaka, ndi kuti dzina la mawanga obiriwirawo anatcha ndi mwana wa woomba nsalu mu 1801. Ndikhulupirira adzakondwa kumva kuti mphatso yawo yaphunzitsa kalasi yonse.

Lachinayi tidzabwereza kuyesa kwa ku London m'kalasi muno. Ndidzabweretsa timatumba tansalu 20 tosokedwa kukamwa, 10 tokhala ndi timiyala ta quartz ta kumtsinje, 10 tokhala ndi mabo agalasi a kulemera kofanana. Amene adzasoke ndi kulemba manambala ndi aphunzitsi a kalasi ina, kuti ngakhale ine ndisadziwe kathumba kali ndi chiyani. Aliyense adzagwira kathumba kamodzi mphindi 5 ali chete, n'kulemba zimene wamva, ndipo tidzatsegula timatumbato pomaliza titawerengera mayankho pabolodi. Komanso gulu lililonse libwere ndi botolo limodzi lagalasi, msomali umodzi, ndi miyala itatu yosiyana mitundu yotola pa njira yobwerera kusukulu. Ngati wina apeza mwala wokhala ndi mtsempha wobiriwira ngati peyala, asausiye. Tidzayesa ngati ukukanda botolo. Tsopano tsegulani makope, mujambule kabokosi kamene tsinde lake lili ndi mbali imodzi yotalikirapo, ndipo pansi pake mulembe liwu loti epidosis ndi tanthauzo lake.